Ndakadya sushi ku Ginza, ndipo nsomba yake si "yaiwisi chabe" monga timanenera

Nachisale wa ku Tsukuba:
Moni nonse pa gulu. Ndinasowa masabata angapo chifukwa cha kafukufuku wanga womaliza, koma zatha bwino, ndakhoza. Loweruka lapitali aphunzitsi athu anatitenga ife ophunzira awo atatu kupita ku Tokyo, ati tikadye sushi, timibulu ta mpunga wa viniga tokhala ndi nsomba pamwamba, ku Ginza, dera la malo odula, potsazikana. Ndakhala ku Japan zaka zinayi ndipo sushi ndadya kosawerengeka, ya m'sitolo ija amaitsitsa mtengo madzulo ndi ya pa lamba woyenda. Koma iyi ndi ina. Ine ndine mwana wa msodzi wa ku Nkhotakota, ndinakula ndikupala mamba, ndiye zimene ndaona sizikundichoka m'mutu.

Malo ake ndi aang'ono, pansi pa nyumba yosanjikizana, umachita kutsika masitepe. Pakhomo pali kansalu kolendewera kamene amati noren, basi. M'kati muli mipando 8 yokha moyang'anizana ndi thabwa limodzi lalitali la mtengo wa hinoki, losapakidwa vanishi, loyera mbee chifukwa cholikwecha tsiku ndi tsiku. Tisanalowe aphunzitsi anatiuza kuti tivule mawotchi kuti asakande thabwalo, foni isakhale pamenepo, ndipo anatichenjezeratu dzana lake kuti pasapezeke wodzola perefyumu, poti fungo lake limaphimba kakomedwe ka nsomba kwa onse okhala pafupi.

Palibe pepala losankhirapo zakudya. Amati omakase, kutanthauza kuti "ndasiya m'manja mwanu". Mwini malo, amene amamutchula kuti taisho, amaima kutsogolo kwanu ndipo ndiye amadziwa chimene mudye lero malinga ndi zimene wapeza ku msika wa Toyosu m'mawa. Bambowo anali a zaka za m'ma 60, osayankhulayankhula. Ndinawayang'anitsitsa manja. Amanyowetsa zala m'madzi a viniga, dzanja lamanzere n'kutenga kachidutswa ka nsomba, lamanja n'kutapa mpunga m'kachibekete ka thabwa kovundikira. Chala cha mkombaphala chimatapa wasabi, muzu wobiriwira wopera umene umaluma m'mphuno, n'kupaka pansi pa nsomba, mpunga pamwamba, kukanikiza ndi zala ziwiri, kutembenuza, kukanikizanso, kenaka kupaka msuzi wa soya ndi kaburashi, n'kukuikira patsogolo. Kuphethira kawiri katatu zatha. Iwe umatola ndi zala n'kuponya m'kamwa kamodzi, nthawi yomweyo.

Chinandidabwitsa choyamba ndi mpunga. Ndi wofunda ngati thupi la munthu, wofiirira pang'ono, wowawasa bwino, ndipo ukangofika palilime umamwazikana wokha. Kunja wagwirana, m'kati muli mpata. Sindinadziwe kuti mpunga ungachite zimenezo.

Anayamba ndi hirame, nsomba yoyera yaphwatalala imene inagonekedwa pakati pa masamba a kombu, chomera cha m'nyanja ya mchere. Kenaka ika, kanyama ka m'nyanja ka miyendo yambiri kamene pa Chingerezi amati squid, yoyera yotamuka, yochekedwachekedwa timizere ting'onoting'ono ndi kamchere pamwamba. Kenaka tuna mitundu itatu: akami yofiira yoviikidwa mu msuzi wa soya, chutoro ya mafuta pang'ono, otoro ya pamimba yonona. Koma imene yandigwira mtima ndi kansomba kotchedwa kohada, kakhungu konyezimira ngati siliva ka timadontho takuda, kukula kwake ngati utaka wonenepa. Amakatumbula, kukathira mchere, kukatsuka, kukaviika mu viniga, n'kukasunga masiku. Aphunzitsi anati odziwa sushi amayeza luso la taisho pa kansomba kameneka, osati pa tuna wodula uja. Chakumapeto kunabwera kuruma ebi, mtundu wa prawn, yophika ikadali yofunda, uni ya ku Hokkaido yomwe ndi za m'kati mwa kanyama ka minga ka m'nyanja, anago yomwe ndi mkunga wa m'nyanja ya mchere wophikidwa mpaka kufewa ngati dzungu, n'kutsekera dzira lootcha lokhala ngati keke. Maola awiri.

Ndiye mukamva wina akuti anthu a kuno amangodya nsomba zaziwisi, muuzeni kuti pafupifupi chidutswa chilichonse chimene ndinadya chinali chogwiriridwa ntchito.

Agogo a Mphatso:
Mwanangu, choyamba ndikuyamikire pa sukuluyo, Mulungu akudalitse. Koma ine mtima wanga sukuvomera. Nsomba yosapita pamoto? Sunatsegule m'mimba? Ife kuno chambo chikangokhala chofiira pafupi ndi munga timachibweza mumphika.

Nachisale wa ku Tsukuba:
Zikomo agogo. Ayi, ndili bwinobwino. Ndipo chimene chingakudabwitseni n'chakuti m'chipinda monsemo munalibe fungo la nsomba ngakhale pang'ono. Fungo linali la thabwa, viniga ndi tiyi. Chinanso mungakondwe nacho: amadya ndi manja ngati mmene tidyera nsima. Amakupatsa kansalu konyowa kopukutira zala. Timitengo todyera tilipo koma palibe akukakamiza.

Agogo a Mphatso:
Za manjazo ndagwirizana nawo. Zinazo ndisiyireni, ine ndi wakale.

Mlangizi wa ku Dedza:
Achemwali, funso langa ndi limodzi. Zinali ndalama zingati?

Nachisale wa ku Tsukuba:
Analipira ndi aphunzitsi ndipo kuno sufunsa. Koma malo a mtundu uwu ku Ginza munthu mmodzi amalipira kuyambira cha m'ma 30,000 yen kupita m'mwamba, zakumwa padera. Kuti muone kukula kwake, ndalama imene boma la Japan limatipatsa ife a digiri ya udokotala pa mwezi ndi 145,000 yen, ya lendi, chakudya ndi zonse.

Mlangizi wa ku Dedza:
Ndiye ndi chimene ndimaopa. Musandimve molakwa, sindikukudzudzulani inu, munaitanidwa. Koma ine ndimayenda m'midzi tsiku lililonse ndipo mwezi uno wa February ndi umene nkhokwe zimakhala zitauma. Chakudya cha munthu mmodzi cha maola awiri kugula matumba a chimanga odyetsa banja mpaka kukolola, zimandivuta kuzitcha luso. Kwa ine ndi kuonetsa chuma basi. Mpunga ndi mpunga, nsomba ndi nsomba.

Bambo Phiri ku Nagoya:
A Mlangizi mwakhudza pamene ine ndimafuna kunena. Ndakhala kuno zaka zoposa khumi ndikutumiza magalimoto kumudzi, ndipo ku Ginza sindinapondeko kukadya. Ine ndi ana anga timapita ku kaiten zushi, ya pa lamba ija, mbale imodzi 100 yen ndi kakuti, tonse kukhuta. Njira imeneyo anaiyambitsa Yoshiaki Shiraishi mu 1958 ku Osaka, ndipo ndiyo inabweza sushi m'manja mwa anthu wamba.

Ndikuti "inabweza" chifukwa sushi imeneyi poyamba sinali ya olemera. Inayamba m'zaka za m'ma 1820 mu mzinda wa Edo, umene lero ndi Tokyo, ndipo dzina limene limatchulidwa kwambiri ndi la Hanaya Yohei. Ankagulitsa m'timashedi ta m'mbali mwa msewu, amisiri ndi onyamula katundu kudya choimirira n'kumapita, ngati mmene ife tichitira pa chiwaya. Zidutswa zake zinali zazikulu kuposa za lero. Pafupi ndi kuno kuli tauni ya Handa, kumene kunayambira kampani ya viniga ya Mizkan mu 1804. Ndinapitako ndi ana ku nyumba yawo yoonetsera mbiri. Iwo anayamba kupanga viniga kuchokera ku masese otsala pofulula mowa wa mpunga wotchedwa sake, wotsika mtengo kuposa wa mpunga, n'kumatumiza pa zombo ku Edo. Ameneyo ndiye akazu, viniga wofiirira amene achemwali a Nachisale anamuona mu mpunga wawo. Chinthu cha masese, cha anthu osauka, lero chasanduka chizindikiro cha malo odula.

Tuna wonona uja naye anthu a ku Edo sankamufuna, amaonongeka msanga popanda firiji. Ankakonda mnofu wofiira woviika mu soya.

Nachisale wa ku Tsukuba:
Bambo Phiri zikomo, za masesezo sindinkazidziwa.

A Mlangizi, sindikutsutsani. Ndili pa mpando paja ndinakumbukira mayi anga, ndipo mtengowo unandilemera. Ndi ndalama zanga sindingapite. Komanso ndikuvomera kuti gawo lina la ndalamayo ndi lendi ya Ginza ndi dzina chabe. Pamene ndikusiyana nanu ndi poti "nsomba ndi nsomba". Bambo anga akanamva akanakana. Chambo chokokedwa m'bandakucha n'kuphikidwa pagombe pomwepo, ndi chambo chomwe chagona m'matchera usiku wonse n'kuyenda pa kabaza dzuwa likuswa mtengo, si nsomba imodzi. Ife a kunyanja timadziwa. Anthu awa atenga kusiyana kumeneko n'kukusandutsa ntchito ya moyo wonse.

Ndikupatseni chitsanzo. Chidutswa chachiwiri wasabi anandilowa m'mphuno, misozi n'kulengeza. Sindinanene kanthu. Kuyambira chachitatu, wasabi wanga anachepa, wa anzanga anali chimodzimodzi. Ine ndine wamanzere, ndipo atandiona ndikutola choyamba, zotsatira zonse ankaziika mopendekera ku dzanja langa. Titafika cha m'kati ataona kuti ndayamba kukhuta, anachepetsa mpunga wanga. Zonsezi osafunsa, osanena. Munthu akudyetsa anthu 8 koma aliyense akumuona payekha. Ine ndi zimenezo zinandigonjetsa, kuposa tuna.

Mlangizi wa ku Dedza:
Ndamva. Pa chambo mwandipeza, ndinakhalako ku Salima. Pa mtengo pokha ndikadali pomwe ndinali.

Wophika wa ku Cape Town:
Nkhani iyi ndi yanga ndithu. Ine ndimapanga sushi pa lesitilanti ina kuno, chaka chachisanu tsopano. Amalawi ndi anzathu a ku Zimbabwe tilipo ambiri m'makhitchini muno. Ndinayamba ndi kutsuka mbale, kenaka amene anali pa sushi anandiphunzitsa, miyezi isanu ndi umodzi ndinali nditayamba kukulunga ndekha. Koma zimene mwafotokoza achemwali zandisowetsa tulo. Ife zathu ndi salmon, mapeyala, mayonesi, zina kukazinga m'mafuta. Makasitomala amasungunula wasabi mu soya mpaka kukhala phala n'kumiza zonse. Mwatchula nsomba zambiri koma salmon sindinaimve. Mwaiwala kapena kunalibe?

Nachisale wa ku Tsukuba:
Kunalibe achimwene. Malo otsata mwambo wa Edomae, wa sushi ya ku Edo ija, ambiri saika salmon.

Bambo Phiri ku Nagoya:
Salmon yaiwisi ndi yobwera. Kale Ajapani sankaidya choncho chifukwa ya m'nyanja zawo imakhala ndi tinyongolotsi, ankaiphika kapena kuithira mchere. Ndi anthu a ku Norway amene m'zaka za m'ma 1980 analimbikira kugulitsa salmon yawo yoweta kuno mpaka inalowerera. Lero ku kaiten ana amaikonda kuposa ina iliyonse, anga omwe.

Wophika wa ku Cape Town:
Ndiye kuti zimene ndakhala ndikupanga zaka zonsezi eni ake sangazitche sushi? Ndikufunsa moona mtima, chifukwa ntchitoyi ndimaikonda ndipo ndi imene yamanga nyumba ya mayi anga ku Mulanje.

Nachisale wa ku Tsukuba:
Ayi musatero achimwene. Kuno komwe sushi ili mitundumitundu. Ku Osaka ali ndi yawo yopanikiza m'kabokosi, ku Shiga m'mbali mwa nyanja ya Biwa ali ndi funazushi, nsomba yosungidwa mu mchere ndi mpunga miyezi yambiri mpaka kusasa, ndipo imeneyo ndi yakale kuposa ya ku Tokyo. Ya mapeyala nayo yafika kuno. Ya ku Ginza ndi nthambi imodzi chabe, kungoti yasamalidwa kwambiri. Kuno kuli mawu oti kuphika mpunga zaka zitatu, kuumba zaka zisanu ndi zitatu. Ndinaona mnyamata wophunzira ntchito, usiku wonse sanakhudze nsomba. Ntchito yake inali kubweretsa mpunga watsopano pang'onopang'ono kuti usazizire, kupukuta, kuthira tiyi, ndi kupera muzu wa wasabi pa kathabwa kokutidwa ndi chikopa cha shaki. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Komabe ngakhale Ajapani eni ake amatsutsana ngati zaka zonsezo n'zofunikadi, masiku ano kuli masukulu ophunzitsa sushi miyezi yochepa.

Wophika wa ku Cape Town:
Muzu wa wasabi sindinauonepo ndi maso. Wathu amabwera wa ufa m'paketi, timasakaniza ndi madzi.

Nachisale wa ku Tsukuba:
Wa ufawo nthawi zambiri ndi muzu wina woluma wotchedwa horseradish, wothira mtundu wobiriwira. Weniweni amamera m'madzi ozizira oyenderera a m'mapiri, makamaka ku Shizuoka ndi ku Nagano, ndipo amatenga kupitirira chaka kuti akule. Akapera amaluma pang'ono m'mphuno n'kuzimirira, kusiya kutsekemera. Akakhalitsa mphamvu imatha, n'chifukwa chake mnyamata uja ankapera pang'onopang'ono usiku wonse.

Mayi a Tadala:
Ine ndangolowa kumene, ndawerenga zonse. Kodi ndi kumene anakadyera Obama kuja?

Bambo Phiri ku Nagoya:
Kumene munena inu ndi ku Sukiyabashi Jiro, kwa Jiro Ono amene anabadwa mu 1925. Obama anadya kumeneko ndi Shinzo Abe, nduna yaikulu ya Japan nthawi imeneyo, mu April 2014. Nakonso ndi ku Ginza, chipinda chapansi cha mipando 10. Anali ndi nyenyezi zitatu za Michelin, buku loyamikira malo odyera apamwamba, kuyambira 2007, koma mu 2019 anachotsedwa m'bukumo chifukwa anasiya kulandira mabukingi kwa anthu wamba. Osati kuti chakudya chinatsika ayi.

Nachisale wa ku Tsukuba:
Si kumeneko amayi. Kwathuko ndi kosatchuka choncho, koma aphunzitsi anabukitsa miyezi iwiri isanakwane tsikulo, ndipo anawalandira chifukwa akhala akupitako zaka zambiri. Ukalephera kubwera osanena nthawi yabwino umalipirabe, poti nsomba yako inagulidwa kale.

Mayi a Tadala:
Nanga akazi ophika analipo?

Nachisale wa ku Tsukuba:
Kuseri kwa thabwa kunalibe mkazi. Mayi mmodzi ankalandira alendo ndi kubweretsa zakumwa. Pali chikhulupiriro chakale choti manja a akazi ndi otentha ndiye amaononga nsomba. Chimenecho ine chimandinyansa, chilibe umboni, ndi njira yotsekera akazi kunja basi. Akazi opanga sushi alipo tsopano koma ndi owerengeka. Sikuti zonse za kumeneko ndazikonda.

Mnyamata wa ku Area 25:
Aunt Nachisale ine mwandipatsa njala. Loweruka ndigula chambo cha fuleshi ndi mpunga wa Kilombero ndiyese. Viniga ndili naye.

Namwino wa ku Leeds:
Chonde chonde mwanawe usayese. Ndikunena ngati wachipatala. Nsomba za m'madzi opanda mchere monga chambo, kampango ndi mlamba zingakhale ndi nyongolotsi zimene zimakhazikika m'thupi la munthu, ndipo viniga, mandimu kapena mchere wa pang'ono sizipha. Kuonjezera apo chambo chofika ku Lilongwe chayenda maola angati, pa ayezi wotani, chatsukidwa ndi madzi ati? Ndi kolera tinaona ija? Phika.

Ndipo ngakhale ku Japan ngozi ilipo. Nsomba za m'nyanja ya mchere monga saba ndi ika zimakhala ndi kanyongolotsi kotchedwa anisakis, koyera ngati ulusi, kakalowa m'mimba kamaboola khoma la chifu ndipo ululu wake ndi woopsa. Chimene chimakapha ndi kuphika kapena kuumitsa pa madigiri 20 pansi pa ziro kwa maola osachepera 24. M'malo odulawo amadalira kutumbula nsomba msanga, maso a wodziwa, ndi mpeni. Amayi oyembekezera ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika ine ndimawauza kuti asiye zaziwisi zonse.

Mnyamata wa ku Area 25:
Ndamva amayi, ndasiya. Ndiye kuti ndingatenge likodzo?

Namwino wa ku Leeds:
Likodzo ayi, limenelo limalowera pakhungu ukasamba kapena kuyenda m'madzi a nkhono zija, osati podya nsomba. Koma zinazo n'zokwanira kukugoneka.

Wophika wa ku Cape Town:
Ndiponso Kilombero sangagwire mphwanga. Ndi mpunga wabwino, wonunkhira, koma ndi wautali woyoyoka. Wa sushi ndi waufupi wonenepa womata. Ukafuna kuyesa peza umenewo, uyambe ndi dzira, nkhaka kapena nsomba yophika.

Msodzi wakale wa ku Msaka:
Ndawerenga mwakachetechete, tsopano ndiyankhuleko. Mwana wa mnzanga wa ku Nkhotakota, wanena zoona. Zimene wafotokoza za mchere ndi viniga ine sizikundidabwitsa. Anthu amenewo kale analibe firiji ngati ife, ndiye anapeza nzeru zosungira nsomba. Ifenso tili nazo: usipa wofutsa, utaka woyanika pa thandala, kampango wowamba. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo firiji itabwera sanataye nzeru za makolo, anaona kuti zimakometsa. Koma pali chimodzi sindikumvetsa. Wati kansomba kaja amakasunga masiku, ndipo ndamvapo kuti tuna naye amamugoneka. Ife nsomba ya dzulo yopanda moto ndi yotaya. Iwo amatani?

Nachisale wa ku Tsukuba:
Bambo, funso limeneli ndi lomwe ndinafunsa aphunzitsi m'sitima pobwerera. Chinsinsi chili pa kaphedwe. Amati ikejime. Nsomba ikangotuluka m'madzi ili moyo, amaibaya ndi chitsulo chosongoka mu ubongo kuti ife nthawi yomweyo, osaphiriphitha. Kenaka amadula m'makha ndi kumchira kuti magazi onse atuluke. Ena amalowetsanso kawaya mu msana kuononga mtsempha kuti minofu isapitirize kunjenjemera. Akatero amaiika m'madzi a ayezi. Nsomba yofa movutikira m'bwato imatha mphamvu za m'minofu, imauma msanga, ndipo magazi otsalira ndiwo amabweretsa fungo ndi kuola. Yophedwa mwa njira iyi imakhala masiku ili bwino pozizira, ndipo m'masikuwo mnofu umafewa, kukoma kumaonjezereka. N'chifukwa chake nsomba yongophedwa kumene si imene amaiyesa yokoma kwambiri pa sushi.

Msodzi wakale wa ku Msaka:
Koma abale. Zaka makumi anayi pa nyanja, kampango ndimangomumenya ndi nkhafi pamutu n'kumuponya pansi pa bwato m'madzi otentha aja. Zotulutsa magazi sindinaziganizepo. Paja mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Pa usipa sizingatheke, ndi wochuluka, koma pa kampango, mpasa ndi chambo chachikulu chopita ku mahotela bwenzi zikuthandiza. Vuto lathu lalikulu ndi ayezi. Nsomba zambiri zimatsika mtengo tisanafike n'komwe pagombe.

Nanga za tuna wa mamiliyoni zija timamva pa wailesi n'zoona?

Bambo Phiri ku Nagoya:
N'zoona bambo, koma ndi msika wa tsiku limodzi, woyamba wa chaka chatsopano, ndipo ogula amapikisana pofuna kutchuka. Mu January 2019, msika utangosamuka kumene kuchoka ku Tsukiji kupita ku Toyosu mu October 2018, Kiyoshi Kimura mwini malesitilanti a Sushi Zanmai anagula tuna mmodzi wa makilogalamu 278 pa 333.6 miliyoni yen. Anagwidwa ku Oma, kumpoto m'chigawo cha Aomori, kumene asodzi amawedza tuna ndi mbedza. Masiku ena onse mtengo sufika kumeneko.

Msodzi wakale wa ku Msaka:
Nsomba ikafika mtengo wotero ndiye kuti ili pa ngozi. Ndaona ndi maso anga chambo cha ku Malombe mmene chinathera. Pamene chikusowa mtengo umakwera, mtengo ukakwera aliyense amachisaka, ndi timaukonde ta udzudzu tomwe.

Nachisale wa ku Tsukuba:
Ndi zomwezo bambo. Tuna wa mtundu umenewu, wotchedwa bluefin, anachepa kwambiri m'nyanja ya Pacific mpaka maiko anagwirizana zoika malire a kagwidwe, makamaka pa ang'onoang'ono, ndipo ayamba kuchulukanso. Yunivesite ya Kindai inakwanitsa kumuweta kuchokera ku dzira mpaka kuswananso mu 2002, patatha zaka zoposa 30 akuyesa. Ine podya otoro uja ndinaganizako zimenezi. Kunena zoona akanandichotsera otoro n'kundipatsa kohada iwiri sindikanadandaula.

Mlangizi wa ku Dedza:
Apa ndiye nkhani yandikomera. Za kaphedwe ka nsombazi zili ndi phindu kwa ife. Mukabwera mudzakambe ndi anzathu a za usodzi.

Woyang'anira gulu:
Zikomo nonse pokambirana mwaulemu. Achemwali a Nachisale anthu akufunsa zithunzi ku inbox.

Nachisale wa ku Tsukuba:
Pepani, ndili ndi chimodzi chokha cha pakhomo. M'kati aphunzitsi anati tisajambule. Malo ena amalola ukapempha, koma chidutswa chikaikidwa chimayenera kudyedwa pompo, mpunga usanazizire ndi nsomba isanaume. Potuluka tinangoti gochisousama deshita, kuthokoza chifukwa cha chakudya, taisho anatuluka kuseri kwa thabwa n'kutiperekeza mpaka pa masitepe, kuwerama mpaka titakhota. Ndalama ya tipi kulibe.

Wophika wa ku Cape Town:
Achemwali, ndabwererakonso pa mpunga. Ife timaphika wambiri m'mawa n'kuusiya uzizire, pofika usiku umakhala wolimba. Mawa ndipempha abwana andilole kuphika kawiri, wina masana wina madzulo, ndiusunge wovundikira ndi nsalu yonyowa. Tili ndi nsomba zabwino kuno, yellowtail imabwera ya tsiku lomwelo. Kombu tili naye wa msuzi. Hirame yanu ija inagona mu kombu nthawi yaitali bwanji?

Nachisale wa ku Tsukuba:
Taisho anati kuyambira dzulo lake madzulo. Anaithira kamchere kaye, n'kupukuta madzi amene anatuluka, kenaka kuiika pakati pa masamba awiri. Mnofu wake unali wolimbako, wamtundu ngati uchi wopepuka, ndipo kukoma kwa kombu kunali kutalowa mpaka m'kati. Muyambe ndi nsomba yoyera yopanda mafuta ambiri, mudzatiuze mmene zayendera.

Bambo a ku Msaka, ndikubwera kumudzi mwezi wa April. Chitsulo chobayira ndi kawaya kaja zimagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zowedzera kuno, si zodula. Ndigula ziwiri, china cha achimwene anga ku Nkhotakota china chanu.

Msodzi wakale wa ku Msaka:
Zikomo mwanangu. Usankhe waya wautali, kampango wa kuno ndi wamkulu. Ukafika ku Monkey Bay udzaimbe, mdzukulu wanga adzakutenga pa njinga yamoto.